Mmene Ndinamalizira Dzuwa la Asisitere Yulita

Anzanga, nkhani iyi ndakhala ndikuibisa zaka zambiri, koma poti tsitsi layera kale, sekani basi, nanenso ndimadziseka. Zinachitika nthawi ija ya chipani chimodzi, nthawi imene munthu unkayamba wacheuka kaye usanatsokomole. Ine ndinali mpenta wa zikwangwani kwathu kuno ku Lobi, ndipo ndisakunamizeni, ndinkadzimva. Kuchokera ku Lobi mpaka pa Chimbiya, golosale iliyonse, tiyirumu iliyonse, chigayo chilichonse chinali ndi dzanja langa ine Pasikale. Ndinkajambula kapu ya tiyi ikufuka nthunzi mpaka wodutsa pamsewu n'kumva njala. Pakhomo pa ometa ndinkajambula mutu wometedwa bwinobwino, ngakhale makutu nthawi zina ankasiyana kukula. Ndiye munthu wotere mukanamuuza chiyani za penti?

Chaka chimenecho parishi yathu inamanga holo yatsopano, ndipo inkatsegulidwa Loweruka lina mwezi wa Juni, kuzizira kuli pachimake. Kunkabwera alendo ochokera ku boma, akuluakulu a mpingo, a chipani, aliyense wovala jekete. Ine Abambo Mfumu anandipatsa ntchito yolemba mawu olandira alendo pakhoma, ndipo anandipatsa penti waufa wa kusukulu uja timasungunula ndi madzi, poti ankati mwambo ukatha khoma lidzatsukidwa.

Tsono pa parishi pathu panali Asisitere Yulita, mwana wa konkuno, kwawo ku Kaphuka. Iwowa anatumizidwa kunja kukaphunzira zojambula, n'kubwerako ali ofatsa monga anapitira, osadzitama ngakhale pang'ono. Mbiri inali ponseponse yakuti kwa miyezi yambiri akhala akudzitsekera m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya masisitere, kujambula chithunzi chodzakhoma mu holo. Palibe anali atachiona. Ine mumtima ndinkangoti, tidzaone ophunzira kunjawo ngati angapose kapu yanga ya tiyi.

Lachisanu m'mawa Abambo anandiitana.

"A Pasikale, Asisitere Yulita aperekeza mnzawo wodwala kuchipatala ku Dedza, abwera madzulo. Chithunzi chawo achisiya pakhonde, chokuta ndi nsalu. Mukachitenge, mukachikhome kutsogolo mu holo."

"Musadandaule Abambo, zimenezo ndi zathu."

"Kukhoma kokha, a Pasikale."

"Kukhoma kokha, Abambo."

Mukuona? Ntchito ya misomali inayi. Ngakhale munthu woti sanagwirepo bulashi akanaitha.

Ndinafika pakhonde paja mtima uli dyokodyoko. Ndinkayembekeza angelo, nkhosa, mitambo yagolide, mwina ndi Yosefe Woyera atagwira macheka. Ndinavundukula nsalu ija, n'kupeza thabwa lalikulu ngati chitseko, loyera motuwira, ndipo chapakati pake kanthu kamodzi kozungulira, kukula ngati mbale ya ndiwo. Basi! Mtundu wake sindingauchule, sunali wachikasu, sunali woyera, sunali wofiira. Ndinasuzumira kuseri kwa thabwalo, kuti mwina chithunzi chili kumbuyo. Kunalibe. Ndinakutumula nsalu ija, kuti mwina china chamatirira. Ayi ndithu.

Koma apa ndinene zoona. Nditabwerera kutsogolo kuja ndinaima osadziwa chimene ndaimira. Kozungulira kaja kankakhala ngati kakupuma, ukakayang'ana nthawi yaitali kamasendera kwa iwe, ukaphethira kamabwerera. M'khutu munangoti zii, ngakhale mpheta zimene zinkasokosa pamtengo wa mapichesi ndinasiya kuzimva. Thupi lonse linachita tsemwe, ndipo sikunali kuzizira kokha ayi. Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanamvera tsemwe limenelo. Koma Pasikale wa zikwangwani anadzuka m'kati mwanga n'kundiuza kuti, "Iwe, usapusitsidwe. Asisitere nthawi yawathera. Apaka penti woyamba, aikapo dzuwa, kenako odwala awasokoneza." Ndipo ndinawamvera chisoni, ine, kuwamvera chisoni Asisitere!

Komabe nthawi imeneyo ndinalibe maganizo okhudza chithunzicho, Mulungu ndi mboni. Vuto linayamba ndi njinga. Kuchokera kwa masisitere kufika ku holo ndi pafupi, umangodutsa bwalo la mpira n'kutsika kamtunda kamodzi. Ndikanasenza pamutu. Koma mpenta wotchuka asenze thabwa pamutu ngati wopita kuchigayo, amayi akwaya akuona? Ndinaliimika pakaliyala, n'kulimanga ndi malekeni, n'kukwera.

Inu mukuidziwa mphepo ya kuno mwezi wa Juni. Pabwalo la mpira ndinkapalasa ine. Titayamba kutsika kamtunda kaja inayamba kupalasa ndi mphepo. Thabwa lija linaikola yonse, njinga inaleka kundimvera, ndinagwira mabuleki koma mabuleki anali ataiwala ntchito yawo kalekale, ndinafuula dzina la amayi anga amene anali atamwalira zaka khumi m'mbuyomo, kenako phuu! m'dimba la mbatata ya kachewere la akatekisiti, mmene anali atangothirira kumene.

Ndinadzuka osayang'ana ndi bondo lomwe, ndinathamangira thabwa. Silinasweke, zikomo. Koma pakona imodzi panali matope a katondo, ofiira, kukula ngati chikhatho.

Ndinalowa nalo mu holo mozemba, n'kutseka chitseko. Ndowa ya madzi inali pomwepo, koma ndinkaopa kuti madzi asukulutsa penti wa Asisitere, ndiye ndinati ndingopukuta ndi mkono wa malaya. Ndinaiwala kuti mkono womwewo ndinali nditaugwetsera penti wobiriwira polemba pakhoma dzulo lake. Kupukuta kamodzi, matope aja anafalikira. Kupukuta kachiwiri, pamwamba pa matope panabwera chobiriwira. Ndinalavulira, ndinapukutanso, chikhatho chija chinasanduka lichero.

Ndinakhala pansi, manja kumutu. Kenako nzeru inabwera, ndipo anzanga, muziopa nzeru yobwera munthu uli ndi mantha. Inati, poti pabiriwira kale, bwanji pakhale udzu? Kaudzu pang'ono pakona, ndani angadandaule? Thabwalo linalibe chizindikiro chosonyeza kumwamba kapena pansi, ndiye ndinaliimika mwakuti matope akhale pansi, dzuwa likhale chakumtunda monga dzuwa limakhalira, n'kutenga bulashi.

Udzu unatuluka bwino. Koma udzu wa pakona imodzi unkaoneka ngati ukuyandama m'malere, unkafunika nthaka. Ndinajambula nthaka mpaka kona inayo. Nthaka yopanda phiri ku Dedza kuno munaionapo kuti? Ndinajambula phiri, ndipo poti phiri limene ndimalidziwa pamtima ndi lija la kuseri kwa mudzi wathu, lija lili ndi mwala wong'ambika pamwamba, ndinajambula lomwelo. Linakula, linakula, mpaka nsonga yake inakhudza dzuwa. Phiri linaitana mtengo, mtengo unaitana nyumba, nyumba inaitana utsi, utsi unaitana mayi wosenza ndowa. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione, ndinapeza kuti dzuwa la Asisitere ndi limene tsopano likuoneka losauka, lopanda chilichonse, ngati lachita manyazi pakati pa zinthu zanga. Ndinalithandiza. Ndinalizunguliza timizere tofiira ta kuwala, tofanana ndendende ndi ta dzuwa la pa mbendera ya dziko lathu.

Pofika masana mantha onse anali atatha, ndinkaimba likhweru. Ndinachikhoma kutsogolo, misomali inayi, n'kutsegula chitseko kuti amayi osesa alowe. Mumtima ndinkakonza kale mawu odzichepetsa oti ndidzayankhe Asisitere akamadzandithokoza.

Chakumadzulo Abambo analowa ndi a Dzonzi, tcheyamani wa chipani m'dera lathu. A Dzonzi ndinakula nawo, tinkawetera limodzi mbuzi, ndipo masiku wamba anali mlimi wa nyemba ngati wina aliyense. Koma akangovala jekete ya baji mawu awo ankasintha, ankatuluka kuchokera m'mimba. Tsiku limenelo anabwera kudzaona ngati mbendera ndi zina zonse zili m'malo mwake alendo asanafike.

Abambo ataona chithunzi chija anatsegula pakamwa, osatseka. A Dzonzi anaima patsogolo pake, manja kumbuyo.

"Wajambula ndani?"

"Asisitere Yulita, bwana," ndinatero, kenako mwaulemu, "ndi ine pang'ono."

"Phiri ili ndalizindikira. Si lija la mwala wong'ambika?"

"Lomwelo, bwana!" Ndinanyadira kwabasi. Mukuona luso, munthu kungoyang'ana n'kulidziwa phiri.

"Chabwino. Tandiuzani a Pasikale, kuno kwathu dzuwa limatulukira mbali iti?"

Ndinaloza kum'mawa, cha ku Dedza.

"Nanga phiri la mwala wong'ambika lili mbali iti?"

Dzanja langa linayamba kutembenuka lokha, pang'onopang'ono, ndipo lisanafike kumene linkapita ndinali nditadziwa kale. Phiri limenelo lili kumadzulo. Mwana aliyense wa ku Lobi amadziwa kuti dzuwa likakhudza mwala wong'ambika, ndi nthawi yotsekera nkhuku.

"Ndiye kuti mawa," a Dzonzi anapitiriza, mawu ali pansipansi, "alendo a boma adzakhala pansi pa dzuwa la pa mbendera yathu, likulowa. A Pasikale, inu ndi Asisitere mukutanthauza kuti dzuwa la ndani likulowa?"

Matsache onse anaima. Achinyamata a masiku ano simungamvetse, koma nthawi imeneyo funso ngati limenelo linkatha kumusowetsa munthu. Tinkadziwa anthu amene anakwezedwa galimoto chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo, mabanja awo n'kumangoyang'ana kumsewu chaka ndi chaka. Ndinaganiza za mkazi wanga Nangozo ndi ana athu anayi. Kenako ndinakumbukira kuti dzina loyamba kutuluka pakamwa panga linali la Asisitere, munthu woti sanalakwe kanthu, amene nthawi imeneyo anali pamsewu osadziwa kuti Pasikale wawakonzera zotani.

"Bwana, sichinathe!" ndinafuula. "Ndi m'mawa umenewu, kungoti tambala sindinamuike. Tambala akalira aliyense adziwa kuti kukucha."

A Dzonzi anati, "Ndikukaona kumene aphikire alendo. Ndikamabwera ndimupeze tambalayo."

Tsono inu mukudziwa kuti tambala nthawi imeneyo sanali nkhuku wamba, anali chizindikiro cha chipani. Munthu wanzeru akanasankha china chilichonse. Ine ndinasankha tambala. Penti wakuda anali atathera m'zilembo za pakhoma, ndinakokota wotsalira m'chitini, n'kusakaniza ndi wabuluu, n'kuthira madzi, madziwo n'kuchuluka. Ndinajambula mothamanga. Mlomo unatuluka wophwatalala. Ndinati ndikonze khosi, khosi linakhota. Miyendo inafupika chifukwa malo anatha, udzu wanga uja unali utadya ponse. Ndipo penti wamadzimadzi uja anayamba kuyenderera kuchokera kumlomo, kadontho kakatali kutsika mpaka padenga la nyumba.

A Dzonzi anabwera. Anayang'ana. Anapendeketsa mutu.

"Ichi n'chiyani?"

Ndisanayankhe, mayi wina wachikulire mwa osesa aja, wosadziwa kuti zinthu zafika pati, anati, "Si bakha ameneyo?"

Mnzake anawonjezera, mokoma mtima ndithu, ngati akundithandiza, "Bakha wake wodwala chitopa. Taonani dovu."

A Dzonzi anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kabuku ndi cholembera.

"Dzina lanu lonse."

Munthu woti tinkaba limodzi mapichesi a kumishoni akundifunsa dzina! Abambo anayesa kulankhula, a Dzonzi anangokweza dzanja. Ndinayamba kutchula, "Pa... Pasikale," ndipo nthawi yomweyo pakhomo panada, wina anali ataima.

Anali Asisitere Yulita, fumbi la mumsewu lili m'nsapato, kachikwama m'manja. Anayang'ana ife, kenako anayang'ana kutsogolo. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi, maso ali pathabwa, ndipo phazi lililonse limene ankaponda ndinkalimva pamsana panga. Anaona phiri, anaona mtengo, anaona mayi wa ndowa, anaona bakha. Ndinkayembekeza kulira, kapena kukalipa, ndipo kunena zoona ndikanakonda akanandimenya ndi kachikwama kaja. Iwo anangotambasula chala, ananyowetsa ndi malovu, n'kukhudza mchira wa bakha. Anayang'ana chalacho.

"A Pasikale, penti uyu ndi waufa wa kusukulu?"

"Eya, Asisitere."

"Yense?"

"Yense, Asisitere."

Anapuma mpweya wautali. Kenako anatembenukira kwa a Dzonzi.

"A Tcheyamani, pepani, takhalani kaye pabenchipo. Chithunzi changa simunachione. A Pasikale achiveka zovala zambiri poopa kuzizira. Dikirani tichivule."

Anandiuza kuti penti wawo ndi wamafuta ndipo pamwamba anapaka vanishi, madzi sangamuchite kanthu. Ndowa yomwe ija ndinkaiopa m'mawa! Chikhala ndinangotunga kapu imodzi n'kutsuka matope aja, bwenzi nkhani yonseyi kulibe. Anandipatsa kansalu kofewa kochokera m'chikwama mwawo.

"Yambani ndi bakha."

Ndinakwera pabenchi, anthu onse akuona, n'kuyamba kufufuta ntchito ya manja anga. Bakha anapita. Amayi aja anaseka pang'ono.

"Tsopano mayiyo ndi ndowa yake."

Anapita. Nyumba inapita ndi utsi wake. Mtengo unapita. Ndipo ndinazindikira chinthu chodabwitsa, kuti chilichonse chikachoka, mu holo munkawonjezeka bata. Kuseka kunatha. Anthu ena amene ankakonza panja analowa n'kuima kumbuyo. Ndinatsuka phiri kuyambira pansi kukwera, madzi ofiira ndi obiriwira akutsikira m'zigongono, mpaka mwala wong'ambika unasungunuka. Kunatsala timizere tanga tofiira tija. Nditafufuta kotsiriza, Asisitere anati, "Basi, tsikani, mubwere mudzaime kuno."

Ndinatsika, ndinakaima pambali pawo, ndinatembenuka.

Anzanga, ine mawu ndilibe. Kuwala kwa madzulo kunkalowera pazenera n'kugwera pathabwa lonyowa lija, ndipo chimene m'mawa ndinkachitcha penti woyamba sichinali choyera chimodzi ayi. Zinali zoyera zambirimbiri, china pamwamba pa chinzake, china chotuwa ngati phulusa, china chonga mkaka, china chobiriwira patalipatali, ndipo zonse zinkaoneka ngati zikuyenda, ngati ukhoza kulowetsamo dzanja n'kulitulutsa lonyowa. Pakati pa zimenezo dzuwa lija, lokhalokha, lopanda womuthandiza. Silinkawala ngati nyale, koma sukanatha kuyang'ana kwina. Chapansi pake ndinaona kamzere kamodzi kopyapyala ngati ulusi, kodutsa thabwa lonse, kamene m'mawa monse sindinakaone n'komwe, ine katswiri, ndinangokakwirira ndi nthaka yanga.

Mayi uja wa bakha anaika tsache pansi. "Ili ndi lija la mwezi uno," anatero motsitsa mawu, "lija timakumana nalo m'chifunga popita kudimba." Mayi wina anati likufanana ndi mkate woyera umene Abambo amakweza pa Misa, n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda. Ine m'maso munadzaza misozi, ndipo sindikudziwa ngati inali ya manyazi kapena ya chinthu china.

A Dzonzi anali chikhalire, kabuku kali pabondo. Atalankhula, mawu awo anali aja a mlimi wa nyemba.

"Komabe Asisitere, ine ndidzafunsidwa. Dzuwa limeneli likutuluka kapena likulowa?"

"Inuyo a Tcheyamani mukuliona likutani?"

Holo yonse inatembenukira kwa a Dzonzi. Ndipo taganizani, munthu wovala baji anene pagulu, ndi pakamwa pake, kuti iye akuona dzuwa likulowa? Anayang'ananso thabwa lija.

"Likutuluka," anatero. Kenako mokweza, mawu a jekete atabwerera, "Likutuluka! Aliyense akuona. Taonani lili pamwamba pa kamzere ako, latuluka kale m'nthaka."

"Mwaona bwino, a Tcheyamani," anatero Asisitere.

Kabuku kanabwerera m'thumba. Koma a Dzonzi sananyamuke msanga, anavula chipewa n'kukhalabe pabenchi paja akuyang'ana, mpaka kuwala kunachoka pazenera. Potuluka anandikoka mkono n'kundinong'oneza, "Pasikale, iwe udzatiphetsa tonse." Ndipo dzanja lawo linali lozizira ngati langa.

Loweruka ndinalawirira kuti ndikapepese alendo asanafike. Chifunga chinali chitaphimba chilichonse, tchalitchi osaoneka, mitengo osaoneka, ngakhale mapazi ako umachita kuwakhulupirira. Asisitere ndinawapeza pakhonde la holo atafunda juzi. Ndinavula chipewa, ndinagwada pasimenti yozizira, ndinayamba mawu amene ndinakonza. Sanandilole kumaliza.

"Dzukani a Pasikale, mudwala. Tayang'anani uko."

Ndinayang'ana kum'mawa. Linali pomwepo. Dzuwa lenileni, m'kati mwa chifunga, lozungulira bwinobwino ngati mbale, losakhala lachikasu, losakhala loyera, lopanda timizere, lopanda phiri, loti ukhoza kuliyang'ana maso ndi maso osatuluka misozi. Ndinabadwira kuno, ndinali nditakhala zaka makumi anayi pansi pa dzuwa limenelo, ndinali nditalijambula pa zikwangwani zosawerengeka lili ndi maso ndi pakamwa pomwetulira, koma tsiku limenelo ndi limene ndinaliona koyamba. Tinaima pamenepo, nthunzi ikutuluka m'kamwa, chifunga chikudutsa pankhope pake ngati nsalu yopyapyala, ilo lili phee, osatekeseka.

Kenako Asisitere anandiuza za bambo awo. Anati m'miyezi yawo yotsiriza ku Kaphuka maso anali atachita khungu, sankaonanso munda, sankaonanso nkhope za ana awo. Koma m'mawa uliwonse ankapempha kuti awatulutse pakhonde, ndipo m'chifunga chotere ankaloza n'kunena kuti, "Ilo, ndikuliona." Chinali chinthu chokhacho chimene chinawatsalira, ndipo akaliona ankakhala osangalala tsiku lonse.

"Nanenso poyamba ndinajambula zonse," anatero Asisitere. "Phiri, mitengo, munda wa chimanga, ngakhale bambo anga pampando. Koma chilichonse chinkabisa chimene iwo ankaona. Zinanditengera miyezi isanu ndi itatu kuchotsa zimene inu munabwezera m'mawa umodzi."

Ndinafuna kulowa pansi. Komanso, poti khalidwe silichoka tsiku limodzi, ndinafuna kuwasonyeza kuti tsopano ndine munthu wozindikira. Ndinakonza kukhosi.

"Asisitere, tsopano ndamvetsa zonse. Ngakhale kamzere kapansi kaja ndakamvetsa. Ndi pamene dziko limathera, thambo n'kuyamba. Nzeru zakuya zedi."

Asisitere anandiyang'ana, milomo ikunjenjemera, kenako anaphulika kuseka mpaka anagwira chipilala. Sindinawaonepo akuseka chotero.

"A Pasikale, kamzere kaja ndi m'mphepete mwa denga la khonde la bambo anga. Kamayenera kukhala pamwamba. Chithunzichi mwachikhoma chozondoka."

Mayo ine! Ndiye kuti dzulo lonse lija, misozi yanga, mtanda wa mayi uja, chipewa cha a Dzonzi, tonse tinkalemekeza dzuwa loimirira ndi mutu!

"Ndikatenge makwerero msangamsanga!"

"Ayi!" Anandigwira malaya. "Ine ndinaona dzulo lomwe mutangochitsuka, ndinangokhala chete. A Tcheyamani alengeza pagulu kuti dzuwa lili pamwamba pa mzere. Mukalitembenuza likhala pansi pa mzere, ndipo ulendo uno palibe madzi amene adzatitsuke."

Choncho alendo anabwera, anakhala pansi pa chithunzi chozondoka, anachiyamikira, wamkulu wina mpaka anachitchula m'mawu ake kuti chikusonyeza dziko likupita patsogolo. Ine ndinali kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa amayi akwaya, maso pansi. Chinakhala chomwecho zaka ndi zaka, ana anabatizidwa, maukwati anadyedwa mu holo imeneyo, odziwa chinsinsi tili awiri okha. Zipani zambiri zitabwera, Asisitere, atakalamba tsopano, anandituma kuti ndikachiimike bwino, kuti denga la bambo awo libwerere kumwamba. Ndinapita, ndinachitembenuza mosamala, osakhudza ndi chala chomwe kutsogolo kwake. Lamulungu lotsatira akuluakulu a mpingo anandiitanitsa, nkhope zili gwaa, kundifunsa kuti ndani wandipatsa chilolezo chozondotsa chithunzi cha Asisitere.

Ndiye ine ndinalumbira, ndipo ndikubwereza pamaso panu. Chinthu cha mwini, ngakhale chioneke chosatha bwanji, ine manja ndimapinda kumbuyo. Ndipo wina akandipempha kuti ndimukhomere chithunzi, kaya ndi kalendala ya golosale, ndimayamba ndafunsa kumwamba ndi kuti, pakhalenso mboni ziwiri.